Chigamba pa pikapu yakale

Pa pikapu yakale ngati Datsun, dzimbiri limayambira m'munsi mwa zitseko ndi popondapo mapazi, chifukwa matope amasunga chinyezi. Ine ndimadula mpaka nditafika pa chitsulo chowala, kenaka ndimajambula bowolo pa katoni kuti chigamba chilowe ndendende.

Apa ndiye pofunika kudekha. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo ndodo zowotcherera mageti zimangochiboola. Makina a MIG ndiwo ndimawadalira. Ndimaika kadontho apa, kena uko, n'kudikira pazizire mpaka ndithe kugwirapo ndi dzanja. Mukawotcherera mzere wonse kamodzi, chitseko chimapindika, ndipo kuchiwongola n'kovuta zedi.

Chonde, yambani mwachotsa batire, ndipo moto usayandikire thanki ya petulo. Mukapala ndi girayinda, pakani penti yoteteza dzimbiri tsiku lomwelo, kuseri komwe.