Msinkhu wa nyumba ndi ulendo wa kuntchito ku Pretoria

Munthu akaima pa Union Buildings, nyumba za boma zimene zinamalizidwa mu 1913 paphiri la Meintjieskop, amaona mzinda wonse wa Pretoria kumunsi. Pakatikati pali nyumba zosanjikizana, ndipo yaitali koposa ndi ya banki yaikulu ya dzikolo, ya mamita 150. Kupitirira apo madenga ambiri ndi aafupi, obisika m'mitengo ya jakaranda.

Kufupikako sikunangochitika. Khonsolo ya mzinda wa Tshwane ndiyo imaika malire a msinkhu wa nyumba pa puloti iliyonse, ndipo m'madera ambiri okhala mabanja malirewo ndi nsanjika ziwiri. Wofuna kupitirira apo ayenera kupempha chilolezo ku khonsolo. Chidziwitso chimaikidwa poyera, oyandikana naye amapatsidwa mpata wotsutsa, ndipo pakakhala mkangano nkhani imapita ku bwalo la khonsolo loona za malo, motsatira lamulo la dziko la 2013.

Otsutsa amadandaula za mthunzi, kuchuluka kwa magalimoto ndi mapaipi a zonyansa amene anaikidwa kalekale. Madandaulowa ndi omveka. Koma pamsonkhano wotero simupezeka mayi wa ku Soshanguve kapena ku Mamelodi amene amadzuka kusanache kuthamangira minibasi kuti akakolope m'nyumba zomwezo. Madera akutaliwa anakhazikitsidwa m'nthawi ya tsankho kuti anthu akuda azikhala kunja kwa mzinda. Puloti ya pafupi ndi ntchito ikakhala ya banja limodzi lokha, mtunda umene tsankho linasiya umakhalapobe, ndipo amaulipira ndi iye, m'mawa ndi madzulo.

Kumene malire anafewetsedwa zinthu zasintha msanga. Ku Hatfield, pafupi ndi Yunivesite ya Pretoria ndi siteshoni ya Gautrain yomwe inatsegulidwa mu 2011, nyumba zazitali zogona ophunzira zamera pamene panali nyumba wamba.

Komabe kusanja kokha sikokwanira. Nyumba zinayi zazitali za Schubart Park, za m'ma 1970, zinasiyidwa osasamalidwa mpaka madzi ndi magetsi anadulidwa. Mu Seputembala 2011 apolisi anatulutsa onse okhalamo. Chaka chotsatira khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti anthuwo ali ndi ufulu wobwerera, koma patapita zaka khumi nyumbazo zinali zidakali mabwinja.