Mwana Wathu Akapita Kukaphunzira ku Chicago

Kalata yoitana mwana ku sukulu ya ku America ikafika, mudzi wonse umakondwera. Amai amaimba nthungululu, abusa amapempherera ulendo, ndipo achibale amayamba kuŵerengera madola amene sadaŵaone. Koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa moyo umene mwanayo akukaupeza. Tiyeni titenge mzinda umodzi, wa Chicago, tione zimene wophunzira wochokera kuno amakumana nazo.

Mzinda wa chisanu

Chicago ndi mzinda wachitatu pa kukula m'dziko la America. Uli m'mbali mwa nyanja ya Michigan, ndipo muli anthu pafupifupi 2.7 miliyoni. Sukulu zimatsegulira mu Ogasiti kapena Seputembala, nyengo ikadali yabwino. Pofika Disembala dzuŵa limaloŵa 5 koloko isanakwane, ndipo madzi amauma gwa ngati mwala. Pa 30 Januwale 2019 kuzizira kudafika madigiri 30 kunsi kwa ziro. Chisanu cha ku Dedza m'mwezi wa Juni nchamaseŵera poyerekeza ndi chimenechi.

Makhalidwe nawonso ngachilendo. M'sitima anthu amakhala moyandikana osapatsana moni. M'kalasi mphunzitsi amafuna kuti wophunzira afunse ndi kutsutsa, kotero kuti mwana wathu amene adaleredwa kukhala chete pamaso pa akulu amayesedwa kuti sadaŵerenge. Ndipo kukopera mau a m'buku osatchula mwini wake ndi mlandu umene ungathe kumchotsetsa sukulu.

Sadapite ku Theba

Makolo, pano mumvetse. Makolo athu akale ankapita ku Theba ndi ku Wenela kukagwira ntchito, ndipo kumudzi kunkafika ndalama ndi mabulangete. Wophunzira sali choncho. Chiphaso chake, chotchedwa F-1, chimamlola kugwira ntchito pasukulu pomwepo maola osapitirira 20 pa mlungu nthaŵi ya maphunziro. Tindalama timeneto timathera pa chakudya, mabuku ndi zovala za chisanu. Pa University of Chicago malipiro a maphunziro okha amaposa madola 60,000 pa chaka, choncho ambiri amene ali kumeneko akudalira chithandizo cha sukulu, chimene chimafuna kuti azikhoza bwino.

Tsono mwana akamalandira mauthenga a feteleza, malata ndi fizi ya ang'ono ake mwezi ndi mwezi, amachita manyazi kukana. Amayamba ganyu wozembera lamulo. Maphunziro amaloŵa pansi, ndipo akagwidwa amataya chiphaso. Kuchipezanso nkovuta: mu Disembala 2025 boma la America lidalengeza zoimika kupereka ziphaso zatsopano za ophunzira kwa nzika za maiko angapo, kuphatikizapo Malaŵi ndi Zambia. Tisakolole chimanga chisanakhwime.

Chuma chimene adapita nacho

Mzinda womwewu udalandirapo mnyamata wa ku Kasungu. Hastings Kamuzu Banda adafika ku America mu 1925, naphunzira ku Wilberforce ndi ku Indiana, kenaka ku University of Chicago kumene adatsiriza mu 1931. Kumeneko adakumana ndi Mark Hanna Watkins, wophunzira wachikuda wa ku America amene ankafufuza za zilankhulo. Banda ankamuuza mau ndi ziganizo za Chicheŵa, Watkins nkumalemba. M'ntchito imeneyi mudatuluka buku la malamulo a Chicheŵa lotchedwa A Grammar of Chichewa, limene lidasindikizidwa mu 1937. Chilankhulo chimene mnyamatayo adayamwira kwa amake chidaŵerengedwa chuma pa sukulu yomveka.

Komabe nkhaniyi ili ndi chenjezo. Pamene Dr. Banda adabwerera kuno mu 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula ndi anthu pa misonkhano m'Chingerezi, wina nkumamasulira. Mpeni wosagwiritsidwa ntchito umachita dzimbiri. Ngati chilankhulo chingathe kuzirala chotero, kuli bwanji pemphero? Kuli bwanji ulemu ndi chikondi cha pa abale?

Mpingo usamtaye

Tikumbukire Daniele ndi anzake ku Babulo. Adaphunzira nzeru ndi chinenero cha Akasidi zaka zitatu, napambana anzao onse, koma sadaiŵale Mulungu wa makolo ao. Sadakane maphunziro, adakana chodetsa. Ndiponso adali anai, olimbikitsana.

Wophunzira wathu asakhale yekha. Ku Chicago kuli mipingo yambiri ya Chipresibiteriyani, monga Fourth Presbyterian Church pa mseu wa Michigan Avenue. Mapembedzedwe ndi ziphunzitso zina nzosiyana ndi zathu, choncho ayenera kumva ndi kuyesa zonse ndi Mau a Mulungu. Koma asakhale m'chipinda Lamulungu lililonse ponena kuti sakudziŵa munthu. Akuluampingo ampatse kalata yosamukira asananyamuke, monga timachitira ndi wopita ku Mzuzu kapena ku Blantyre, ndipo dzina lake lizimveka m'mapemphero a pa mpingo.

Makolo, muzimuimbira lamya pa tsiku lokhazikika. Nthaŵi ya chisanu ku Chicago, kuno tili patsogolo ndi maola 8, choncho ife tikamadya nsima yamadzulo, iye ali pafupi kudya chamasana. Yambani ndi kufunsa za thanzi lake, za maphunziro ndi za kutchalitchi. Lankhulani naye m'Chicheŵa. Muuzeni za mvula, za ubatizo ndi za maliro a m'mudzi. Akanena kuti akusoŵa tulo kapena kuti mtima ngwolemera, musamdzudzule kuti akudandaula ali pabwino. Sukulu zambiri zili ndi aphungu a ophunzira. Mlimbikitseni apite, pakuti safunsa adadya phula.

Ndipo inu achinyamata amene muli kale kutsidya, phunzirani ndi mtima wonse, sungani malamulo a eni dziko, ndipo musachite manyazi ndi kwanu. Tsiku lobwerera tidzakondwera ndi digiri yanu. Koma agogo anu sadzaiŵerenga. Iwo adzamvetsera moni wanu, nadzaona m'mene mwakhalira pansi, ndipo pomwepo adzadziŵa ngati mwana wao wabweradi.