Chumuni Choyera Sichinena Zonse

Madzi a pamjigo wina ku Chikwawa mukawasefa pansalu, tizinyalala tonse timatsala, madzi n'kuyera mbee. Koma mukamwa, mchere uli pompo, chifukwa chosungunuka nsalu siigwira. Utsi wa malasha pamalo opangira magetsi uli chimodzimodzi: muli phulusa, mulinso mpweya wa sulufule umene maso saona.

Phulusalo akatswiri analigonjetsa kalekale. Frederick Cottrell wa ku America anapeza njira yake cha m'ma 1907. Utsi umadutsa pakati pa malata aataliatali ndi mawaya okhala ndi magetsi amphamvu, fumbi n'kumamatira pamalatapo, kenako nyundo zimagogoda, phulusa n'kugwera m'nkhokwe pansi. Ena amaudutsitsa m'matumba ansalu. Zikamayenda bwino, pa magawo 100 a phulusa, oposa 99 amatsala.

Sulufule ndiye nkhani. Amatuwa? Ayi, amangotuluka mwakachetechete, n'kukabanikitsa ana ndi odwala mphumu, n'kusandutsa mvula kukhala yaasidi. Kuti agwidwe, amapera miyala ya laimu, kuisakaniza ndi madzi, n'kuwaza phalalo mu utsi m'chinsanja chachikulu. Laimu amamanga sulufule, chotsalacho n'kukhala jipisamu, amene amalowa mu simenti ndi m'masiling'i a nyumba. Koma makina amenewa amamwa madzi ambiri, amadya magetsi, ndiponso ndalama zake n'zankhaninkhani.

Apa ndiye pamandiwawa. Mu 2010 World Bank inabwereketsa kampani ya magetsi ya Eskom ya ku South Africa madola 3.75 biliyoni, ambiri a iwo omangira malo opangira magetsi a Medupi ku Lephalale, dera louma, pogwirizana kuti makina a laimuwa adzaikidwa. Tsiku lowaika lakhala likusunthidwa, anthu akupuma utsiwo.

Ku Kusile, malo ena a Eskom opangira magetsi m'chigawo cha Mpumalanga, makinawo anawaika poyambirira. Mu October 2022 paipi yaikulu ya utsi inagwa italemedwa ndi zomatirira mkati, zigawo zitatu za malowo n'kuzima pamene dziko linali kale mumdima wa kuthimathima kwa magetsi. Boma linalola kuti Eskom imange machumuni ongoyembekezera, olambalala makinawo, mpaka March 2025. Izi zinachitika khoti la ku Pretoria litagamula kale, mu March 2022, kuti mpweya wa dera la Highveld, kumene kuli Kusile, ukuphwanya ufulu wa anthu okhala kumeneko.