Kodi mumadziwa?

Malemu Dr Saulos Klaus Chilima, amene anaikidwa m'manda kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu pa 17 June 2024, anaphunzira za makompyuta pamodzi ndi za chuma ku Chancellor College ku Zomba, kumene anamaliza digiri yawo yoyamba mu 1994.

Ambiri timawakumbukira ali pa nsanja ya ndale, koma mkuluyu anakhwimira m'makampani. Anagwirapo ntchito ku Lever Brothers ndi ku Southern Bottlers asanalowe ku kampani ya mafoni yomwe inasintha dzina kuchoka pa Celtel n'kukhala Zain, kenako Airtel. Mu 2010 anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera kampaniyi, ndipo Airtel Money, imene lero agogo kumudzi amalandirira ndalama za feteleza, inayamba iwo ali pa mpandowo. Mu 2014 anasiya zonsezo n'kukhala wachiwiri kwa Pulezidenti Peter Mutharika.

Patapita zaka, nkhani ina ya kugula katundu wa asilikali inawapeza mwanjira yowawa. Mu November 2022 bungwe la Anti-Corruption Bureau linawamanga powaganizira kuti analandira madola 280,000 kwa wamalonda wina wa ku Britain amene makampani ake ankapeza makontirakiti ku Malawi Defence Force ndi kupolisi. Iwo anakana, ndipo mu May 2024 boma linathetsa mlanduwo khoti lisanagamule.

Patangopita mwezi umodzi, pa 10 June, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 imene anakwera popita kumaliro a Ralph Kasambara inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha anthu onse 9 amene anali m'ndegemo.