Muvi wa liwiro ukuvina, magiya akugunda: vuto lili pati?

Tangoganizani pikapu ya Ford F-150 ya 1994, ya magiya osintha okha. Ikuyenda bwinobwino, kenaka muvi wa sipidomita wayamba kuvina: uli pa 60, wagwera pa 0, wakweranso. Nthawi yomweyo giya ikulowa mogunda ngati galimoto ina yakuwombani kumbuyo. Mwini wake mtima uli m'mwamba, poti kukonzetsa giyabokosi kumadya ndalama zambiri. Komatu kawirikawiri mavuto awiriwa gwero lake limakhala limodzi: kachipangizo kokwana m'dzanja.

Mapikapu amtunduwu a 1992 mpaka 1996 amawerenga liwiro ndi sensa yomwe ili pamwamba pa difu, pakati pa matayala akumbuyo. M'kati mwa sensa muli maginito ndi waya wokulungakulunga. Mu difu namo mumazungulira gudumu lachitsulo la mano oposa 100. Dzino lililonse likamadutsa pafupi, mphamvu ya maginito yodutsa pa wayayo imasintha, ndiye mu waya mumabadwa timagetsi. Izi ndi zomwe Michael Faraday anatulukira mu 1831. Dayinamo ya njinga imayatsanso nyali mwanjira yomweyi.

Galimoto ikathamanga, mano amadutsa mofulumira ndipo timagetsi timagunda pafupipafupi. Kabokosi kotchedwa PSOM, kuseri kwa sipidomita, kamawerenga kugundako, n'kusuntha muvi, n'kutumizanso uthengawo ku kompyuta. Kompyutayo ndi imene imauza giyabokosi nthawi yosintha giya. Mwaonatu? Uthenga ukadukaduka, muvi umanama, kompyuta nayo imanamizidwa. Imayesa kuti galimoto yaima pomwe ikuthamanga, ndiye imalowetsa giya yolakwika.

Makaniko wochenjera amayamba ndi zotsika mtengo. Amaona ngati nyali ya ABS yayaka, chifukwa mabuleki akumbuyo amadalira sensa yomweyi. Amatsata waya wochokera ku difu kufufuza pomwe wakhuzuka kapena pomwe pachita dzimbiri. Kenaka amamasula sensa. Popeza ndi maginito, imakoka tizitsulo toperepeseka mu difu, ndipo tikaunjikana kumutu kwake timasokoneza kawerengedwe. Akapukuta, amayeza ndi multimeter: waya wa m'kati akaduka, magetsi sadutsa, ndiye sensayo yafa basi. Sensa ndi mawaya zikapezeka zili bwino, diso limapita pa PSOM.

Nanga muvi ukakhala wokhazikika koma magiya akuvutabe? Apo vuto lili kwina, mwina oyilo wa giyabokosi wachepa kapena wapsa.

Mukamathandiza amalume kukonza galimoto, musalowe pansi pake itangokwezedwa ndi jeke yokha. Ndipo wina asanagwire sipanala, funsani funso lomwe makaniko uja anayamba nalo: zinthu ziwiri zavuta nthawi imodzizi, zimagawana chiyani?