Kusankha wailesi ya sikirini ya m'galimoto

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya ku Malawi ndi ku Zambia zinagulidwa ku Japan zitagwirapo kale ntchito. Vitz, Passo, Sienta kapena Fit ikangofika kuchokera padoko la Dar es Salaam, mwini wake amapeza wailesi yolemba Chijapanizi chokhachokha, mapu a misewu ya ku Japan, ndipo masiteshoni ambiri akuno sakumveka. Sikuti wailesiyo yawonongeka ayi. Mawailesi a ku Japan anapangidwa kuti azigwira FM kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz, atsopano amapitirirako pang'ono, pamene kuno timaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Ena mwa mawailesiwa, batire ikangochotsedwa, amakana kuyaka mpaka mutaikamo khadi ya SD imene mwina inatsala ku Japan konko. N'chifukwa chake anthu ambiri amangoganiza zoichotsa n'kuika ina ya sikirini yogwira ndi chala.

Musanapite kusitolo, yezani malo amene wailesi imalowa pa dashibodi. Pali miyeso iwiri yodziwika padziko lonse, imene inayambira ku Germany. Single DIN ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 kutalika kwake, ndipo double DIN ndi 180 kwa 100. Galimoto zambiri za Toyota zochokera ku Japan zili ndi malo otambalala kufika mamilimita 200, choncho wailesi ya double DIN imasiya mipata m'mbali pokhapokha mutagula timapulasitiki totsekera. Masikirini a mainchesi 9 kapena 10 amabwera ndi felemu yopangidwira mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Felemu ya galimoto ina siikhala bwino ngakhale muiseme ndi mpeni, ndipo pamsewu wa mabampu imalira njira yonse.

Mawailesi ake ali m'magulu awiri. Pali a makampani akale pa ntchitoyi monga Pioneer, Kenwood, Sony, JVC ndi Alpine. Ambiri mwa amakono a m'gululi ali ndi Apple CarPlay, imene inatuluka mu 2014, kapena Android Auto ya mu 2015. Apa ntchito yaikulu imagwira ndi foni yanu. Mapu, nyimbo ndi manambala a anthu zimachokera mufoni, sikirini imangozionetsa m'zilembo zikuluzikulu. Mukagula foni yatsopano, wailesi nayo yapindula.

Gulu lina ndi la mawailesi a Android, ambiri opangidwa ku China, amene ali ngati tabuleti yomangirira pa dashibodi. Ndi otsikirapo mtengo, sikirini zake n'zazikulu, ndipo alipo abwino ndithu. Koma m'gulu lomweli ndi mmene muli chinyengo chochuluka. Pabokosi angalembe kuti RAM ndi 4GB pamene mkati muli 1GB, ndipo ena amasintha ngakhale zimene wailesiyo imaonetsa mukafufuza m'masetingi. Ya 1GB imaoneka yachangu ili patebulo la wogulitsa, koma mukatsegula mapu nyimbo zikuimba, imayamba kujejema. Pemphani kuti aiyatse pamaso panu. Onani nthawi imene ikutenga kuti idzuke, ilumikizeni ndi foni yanu pa Bluetooth, muimbire munthu ndipo mum'funse ngati akukumvani bwino. Kenako itulutseni panja padzuwa. Sikirini yowala bwino m'sitolo ikhoza kuoneka mbuu masana a mu Okutobala, ndipo kutentha kwa galimoto yoimikidwa padzuwa ku Nsanje kapena ku Salima kumafooketsa zipangizo zosalimba. Wogulitsa wokana kuti muyese katundu wake, musiyeni.

Komabe mawailesi ambiri amafera m'manja mwa woika. Kuseri kwa wailesi yatsopano kuli mawaya a mitundu yodziwika. Wachikasu amatenga magetsi a batire nthawi zonse kuti wailesi isaiwale masiteshoni ndi nthawi. Wofiira amalandira magetsi pokhapokha mwapotokola kiyi. Wakuda amapita ku chitsulo cha galimoto. Wamagetsi wofulumirira ndalama amangopotera wofiira ndi wachikasu pamodzi n'kukulunga tepi. Wailesi imayaka, inu n'kulipira mosangalala, koma imakhala ikudya batire usiku wonse, ndipo m'mawa wina mumadzuka n'kuyamba kufuna anthu okankha. Wina amachotsa fyuzi n'kuikapo kawaya, chimene chingayatse moto kuseri kwa dashibodi. Njira yabwino ndi kugula pulagi yolumikizira yogwirizana ndi galimoto yanu, kuti waya wa galimoto asadulidwe ngakhale mmodzi. Funsaninso ngati mabatani a pachiwongolero ndi kamera yoonera kumbuyo zipitirize kugwira ntchito. M'galimoto zatsopanoko zimenezi zimafuna kabokosi kena ka CAN bus, ndipo pali zina zimene ngakhale eyakoni imayendetsedwa pa sikirini yomwe galimotoyo inabwera nayo. Zotero musazikhudze popanda katswiri.

Chomwe ine ndimaona kuti n'chachikulu kuposa zonse ndi maso a dalaivala. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 44 m'masekondi awiri. Pamsewu wa M1, pamene pali akabaza, ana asukulu ndi mbuzi m'mphepete monse, mtunda umenewo ndi wokwanira kuchotsa moyo wa munthu. Batani lenileni mumalipeza ndi dzanja maso ali kumsewu, koma galasi losalala limafuna kuti muliyang'ane. Choncho wailesi yokhala ndi kopotokola kokwezera mawu ndi yabwino kuposa yaikulu yopanda batani n'limodzi lomwe, ndipo mafilimu si oonera galimoto ikuyenda.

Ngati vuto lanu ndi masiteshoni okha, pali kachipangizo kotchipa kotchedwa band expander kamene amalumikiza pa waya wa eriyo, ndipo wailesi ya ku Japan imayamba kugwira masiteshoni akuno, ngakhale manambala a pa sikirini sagwirizana ndi enieni. Koma ngati mwatsimikiza zogula yatsopano, gawani ndalama zanu pawiri: zina za wailesi yocheperako koma yodalirika, zina za mmisiri wamagetsi wodziwa ntchito yake, ndipo musachoke pagalaja musanazimitse injini n'kuona kuti sikirini nayo yazima.