SADCC

Southern African Development Coordination Conference, mwachidule SADCC, linali bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa. Linakhazikitsidwa ku Lusaka pa 1 Epulo 1980 ndi mayiko asanu ndi anayi: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chake chinali kuchepetsa kudalira South Africa pa chuma, pa nthawi imene dzikolo linkalamulidwa ndi boma latsankho.

Kagawidwe ka ntchito

Dziko lililonse linapatsidwa gawo loti lizitsogolera m'malo mwa onse. Mozambique inkayang'anira za mayendedwe ndi mtokoma, Zimbabwe za chakudya, Angola za mphamvu zamagetsi ndi mafuta, Zambia za migodi, pomwe Malawi inkayang'anira za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire.

Njanji ndi madoko

Mayiko asanu ndi limodzi mwa mayikowa alibe doko la kunyanja yamchere. Nkhondo ya ku Mozambique itaononga njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wambiri wa Malawi ankadzera ku Durban, njira yaitali komanso yokwera mtengo. SADCC inapempha thandizo kumayiko akunja ndi mawu amodzi, ndipo ndalama zambiri zinapita kokonzanso njanji, msewu ndi doko la Beira. Asilikali a Zimbabwe ndiwo ankalondera njirayo.

Kusintha kukhala SADC

Namibia inalowa m'bungweli mu 1990. Pa 17 Ogasiti 1992, atsogoleri anasaina pangano ku Windhoek lomwe linasandutsa SADCC kukhala SADC. South Africa inalowamo mu 1994, ulamuliro watsankho utatha.